Réunion yasiya malasha, koma sitima zikubwerabe padoko

Chisomo: Moni nonse pagulu pano. Ndikufuna maganizo anu pa nkhani ya ku Réunion, chilumba chija chili kum'mawa kwa Madagascar, moyandikana ndi Mauritius. Ndi gawo la dziko la France, ndipo kumakhala anthu pafupifupi 880,000. Kumeneko kuli masiteshoni awiri akuluakulu opangira magetsi a kampani ya Albioma, Bois-Rouge ndi Le Gol. Kwa zaka pafupifupi 30 ankawotcha malasha ochokera ku South Africa. Bois-Rouge inasiya malasha mu 2023, Le Gol mu 2024. Pano akuwotcha bagasi, zotsalira zija za nzimbe akamaliza kufinya, pamodzi ndi mapeleti, tizidutswa ta utuchi wouma wopanikizidwa. Chomwe chikundizunguza mutu n'chakuti mapeleti ambiri sakupangidwa pachilumbapo, akuchita kubwera pa sitima kuchokera kutali, monga ku North America. Ndiye kwasintha chiyani kwenikweni? Kapena angosintha katundu wa m'sitima?

Mphatso: Kkkk achemwali mwadzuka ndi funso la mayeso lero. Ine ndimayesa pano tikamba za mpira.

aGama: Mwana wanga Chisomo, funso lako ndi labwino, koma tiyambe ndi mmene masiteshoniwa anamangidwira, chifukwa yankho lina lili pomwepo. Ine ndapuma ntchito nditakhala pa boila ya fakitale ya shuga moyo wanga wonse, ndiye nkhaniyi imandikhudza.

Bois-Rouge inatsegulidwa mu 1992 ku Saint-André, Le Gol mu 1995 ku Saint-Louis. Onse awiri anawamanga khoma ndi khoma ndi mafakitale a shuga, omwe lero ali m'manja mwa kampani ya shuga ya Tereos. Pali mgwirizano: fakitale imatumiza bagasi pa lamba kupita kusiteshoni, siteshoni imabweza nthunzi ndi magetsi kufakitale, magetsi otsala amalowa mu mawaya a chilumba chonse. Vuto ndi lakuti nzimbe kumeneko amadula kuyambira cha mu Julaye mpaka Disembala. Miyezi inayo boila ikudya chiyani? Apa ndi pomwe malasha ankalowera. Ngakhale nyengo yodula yomweyo bagasi sankakwana yekha.

Choncho asakunamizeni kuti anatenga siteshoni ya malasha okhaokha n'kuitembenuza. Masiteshoniwa anabadwa akudya mitundu iwiri ya chakudya. Chomwe achita n'kuchotsa mbale imodzi n'kuikapo ina.

Chisomo: Zikomo bambo Gama. Ndiye ntchito yosinthayo inali yaing'ono?

aGama: Ayi ndithu, yaing'ono ayi. Moto wake ndi womwewo, koma zonse zozungulira motowo zimasintha. Malasha umatha kuwaunjika panja, mvula n'kuwagwera, dzuwa n'kuwawomba, mawa ukawotcha bwinobwino. Mapeleti akangonyowa amafufuma n'kubwerera kukhala utuchi, ntchito yatha. Ndiye anachita kumanga nkhokwe zikuluzikulu zozungulira, zotsekeka pamwamba, kudoko la Le Port ndi pamasiteshoni pomwe. Malamba onyamulira nawonso amafuna denga.

Chachiwiri ndi fumbi. Fumbi la utuchi wouma likadzaza malo otsekeka, kamoto kakang'ono n'kokwanira kuphulitsa nyumba yonse. Komanso mulu waukulu wa mapeleti umatha kutentha wokha mkati, pang'onopang'ono, n'kumatulutsa mpweya woipa wopha munthu mwakachetechete. Pamafunika zoyezera kutentha, zoyamwa fumbi, zozimitsira moto. Amene wagwirapo ntchito pafupi ndi mulu wa bagasi m'mwezi wa Okutobala akudziwa zomwe ndikunena.

Chachitatu n'chakuti tani imodzi ya mapeleti ilibe mphamvu yofanana ndi tani ya malasha. Malasha abwino amapereka ma gigajoule pafupifupi 25 pa tani, mapeleti cha m'ma 17. Kuti utulutse magetsi omwewo, pomwe unkawotcha matani awiri a malasha ukufunika pafupifupi matani atatu a mapeleti. Magalimoto ochoka kudoko achuluke, nkhokwe zikule.

Yamikani ku Durban: Apo penipeni madala. Ine ndimagwira za katundu wa pamadzi kuno. Kuchoka ku Richards Bay, doko la malasha la ku South Africa, kukafika ku Réunion sikufika makilomita 3,000, ndi ulendo wa masiku ochepa chabe. Tsopano yerekezani sitima yochoka ku Canada. Albioma inagula fakitale ya mapeleti ku Québec kumapeto kwa 2021, yotchedwa La Granaudière, yomwe imatha kupanga matani 200,000 pa chaka. Kaya mapeleti ake apita ku Réunion kapena ku masiteshoni awo a ku Guadeloupe ndi Martinique, zilumba za France za ku Caribbean, mfundo ndi yoti kampani inaona kuti popanda gwero lakelake ikhala pa chifundo cha msika. Kuchoka kumeneko kukafika ku Indian Ocean ndi milungu ingapo pamadzi, sitimayo ikuwotcha mafuta akuda aja. Ndipo mapeleti ndi opepuka kuposa malasha, amadzaza sitima msanga, ndiye maulendo amachuluka.

Mphatso: Ndiye kuti a ku Richards Bay alira? Kasitomala wathawa.

Yamikani ku Durban: Aise, doko lija limatumiza matani mamiliyoni makumimakumi pa chaka, ambiri ku India ndi ku Pakistan. Réunion sanaimve n'komwe kuti yachoka.

NaPhiri: Ndalowa mochedwa koma ndawerenga zonse. Achimwene a ku Durban, za mafuta a sitimazo ndi zoona, koma musathere mphamvu pamenepo. Sitima ikanyamula matani masauzande ambiri nthawi imodzi, utsi wake ukagawidwa pa tani iliyonse suchuluka monga anthu amaganizira. Nkhani yaikulu ili pa chumuni cha siteshoni.

Mukawotcha nkhuni, kaboni amatuluka. Pa yuniti iliyonse ya magetsi, amene amatuluka pachumuni sachepa poyerekeza ndi wa malasha, nthawi zambiri amaposa pang'ono. Koma m'mabuku owerengera, kaboni ameneyu salembedwa pa dzina la siteshoni. Malamulo a mayiko onse amati alembedwe kudziko komwe mtengowo unadulidwa, m'gawo la nkhalango ndi nthaka. Ndiye France ikamawerengera, pa chumuni cha Bois-Rouge imalemba ziro. Kampaniyo inanena kuti kusintha Bois-Rouge kuchepetsa mpweya wotenthetsa dziko ndi matani pafupifupi 640,000 pa chaka, kapena kuti 84 peresenti. Sindikuti ananama. Ndikuti nambalayo yaima pa lonjezo lakuti mitengo ikulanso n'kumeza kaboni yense uja. Mtengo wa ku Québec, kozizira kuja, umatenga zaka makumi angapo kuti ukule. Utsi watuluka lero m'mawa.

Mu Febuluwale 2021 asayansi opitirira 500 analembera kalata atsogoleri a America, European Union, Japan ndi South Korea pa nkhani yomweyi, kuwapempha kuti asiye kuthandiza ndi ndalama kuwotcha mitengo popanga magetsi.

Chisomo: Mayi Phiri, apa ndi pomwe ndimasokonezeka. Bagasi nayenso amatulutsa utsi womwewo. Bwanji iyeyu sitimudandaula?

NaPhiri: Chifukwa nzimbe imakula chaka chimodzi, mwanawe. Zomwe wawotcha mu Seputembala, munda womwewo wazimeza pofika Seputembala wotsatira. Komanso nzimbeyo sanailimire magetsi, anailimira shuga. Bagasi ukapanda kumuwotcha awola, kaboni atulukabe. Pa bagasi ine ndilibe mlandu. Pa utuchi weniweni wa kumacheka, womwe ukanangotayidwa, mlandu wanga ndi wochepa. Mlandu umakula akayamba kugwetsa mitengo yathunthu n'kuipera kuti ikhale mapeleti. Ndipo msika ukakula, utuchi wa kumacheka sukwana. Utuchi suchuluka chifukwa choti wina waufuna, umachuluka anthu akamacheka matabwa ambiri.

Tiyamike ku Leeds: Mayi Phiri akunena zomwe tikuziona kuno. Siteshoni ya Drax ili pafupi ndi Selby, si patali ndi kuno. Inali siteshoni ya malasha yaikulu kuposa zonse mu Britain, ndipo mayuniti ake anayi mwa asanu ndi limodzi anawasintha kuti aziwotcha mapeleti. Imawotcha matani mamiliyoni angapo chaka chilichonse, ambiri ochokera ku America ndi Canada. Mu 2022 BBC inaulutsa pologalamu yoonetsa kuti kampaniyo inkatenga mitengo m'nkhalango zakalekale za ku British Columbia. Mu 2024 bungwe loyang'anira za magetsi la Ofgem linapeza kuti malipoti ake a komwe mitengo inachokera sanali olondola, ndipo kampaniyo inavomera kulipira mapaundi 25 miliyoni. Ndiye munthu akandiuza kuti mapeleti ali ndi satifiketi yoti mitengo yake inadulidwa mosawononga nkhalango, ndimamva, koma mtima sukhala pansi.

aGama: Mayi a ku Leeds, ndakumvani, koma tisasakanize. Drax ili pa dziko lomwe lili ndi gasi, nyukiliya, mphepo ya panyanja, ndi mawaya opita ku France ndi Norway. Atazimitsa Drax pali pothawira. Réunion ilibe waya wopita kwina kulikonse. Magetsi onse omwe munthu akuyatsa ku Saint-Denis, likulu la chilumbachi, 7 koloko madzulo ayenera kupangidwa pachilumba pomwepo, mphindi yomweyo. Masiteshoni awiriwa, iliyonse ndi ya mamegawati opitirira 100, ndipo pamodzi akhala akupereka gawo lalikulu ndithu la magetsi a chilumbacho. Simungangodzuka n'kutseka.

Pali chinanso chomwe anthu a sola sakonda kumva. Tebaini ya nthunzi ndi chitsulo cholemera matani ambiri chomwe chikuzungulira. Pakachitika vuto pa mawaya, kulemera kwakeko kumagwira magetsi kwa masekondi angapo kuti asagwe, makina ena n'kupeza mpata wodzikonza. Pa chilumba chaching'ono zimenezi ndi moyo. N'chifukwa chake France inaika lamulo pa zilumba zake lakuti magetsi a sola ndi mphepo akapitirira 30 peresenti ya omwe akuyenda mu mawaya nthawi imeneyo, woyendetsa mawaya ali ndi ufulu wodula ena. Malirewo akhala akuwakweza pang'onopang'ono pamene mabatire akubwera, koma chifukwa chake n'chomwechi.

Kondwani: Bambo Gama, mwaulemu ndithu, mfundo imeneyo inali yamphamvu zaka khumi zapitazo. Taonani Hawaii. Pa chilumba cha Oahu panali siteshoni ya malasha ya AES, ya mamegawati 180. Boma la Hawaii linakhazikitsa lamulo mu 2020 loletsa malasha, siteshoniyo inatsekedwa pa 1 Seputembala 2022. Maganizo oti aisinthe iziwotcha nkhuni analipo, sanapite patali. M'malo mwake anamanga batire lalikulu ku Kapolei, la mamegawati 185, lomwe limachitanso ntchito yogwira mawaya ija mukunenayi. Ndipo pa chilumba chachikulu cha Hawaii, ku Pepeekeo, kampani ina inawononga ndalama zambiri kukonza siteshoni yakale kuti iziwotcha bulugamu, bungwe loyang'anira magetsi linakana mu 2022, khoti lalikulu la kumeneko n'kuvomereza kukanako mu 2023. Zifukwa zake zinali mtengo wa magetsiwo ndi utsi. Ndiye njira ina ilipo.

aGama: Achimwene, batire silipanga magetsi, limasunga. Oahu itatseka malasha inawotcha chiyani usiku? Mafuta. Ndipo mabilu a anthu anakwera nthawi imeneyo. Musandiuze theka la nkhani.

Kondwani: Mafutawo ndi a kanthawi pamene sola ikumangidwa. Koma mukasaina mgwirizano wa mapeleti wa zaka 20, mwadzimanga. Mgwirizano wa Bois-Rouge ndi EDF, kampani ya magetsi ya ku France yomwe imagula magetsiwo, anauwonjezera mpaka 2043. Mwana wobadwa lero adzakhala akulemba mayeso a fomu 4 sitima za mapeleti zikubwerabe.

Mphatso: Ine ndangogwira kuti batire silipanga magetsi. Madala andiphunzitsa chinthu lero, ndalama ya bando sinapite pachabe.

Tiyamike ku Leeds: Funso langa ndi la ndalama. Mapeleti ndi odula kuposa malasha, aliyense akudziwa. Akulipira ndani? Anthu a ku Réunion ambiri si olemera, ulova kumeneko ndi wokwera kuposa ku France kwenikweniko.

Kondwani: Apa ndi pomwe pali chinsinsi chonse, achemwali. France ili ndi dongosolo lakuti munthu wa ku Réunion, Corsica, Guadeloupe kapena Martinique alipire mtengo wa magetsi wofanana ndi wa munthu wa ku Paris, ngakhale kupanga magetsi pa chilumba kumadula kwambiri. Kusiyanako kumalipiridwa ndi dziko lonse. Ndiye Albioma isanagwire sipanala, inadikira kaye bungwe la CRE, loyang'anira za mphamvu ku France, kuti livomereze mtengo watsopano. Linavomereza za Bois-Rouge kumapeto kwa 2020, za Le Gol kumayambiriro kwa 2022. Kuyambira pamenepo ndalama zomangira nkhokwe ndi zogulira mapeleti zili ndi kobwerera.

Ndipo taonani nthawi yake: mu 2022 momwemo kampani ya ku America ya KKR, ija imagula makampani ena, inagula Albioma. Anthu amenewa sagula chinthu chifukwa chokonda mitengo. Anaona mgwirizano wa zaka zambiri womwe kumbuyo kwake kuli boma la France.

Chisomo: Ndiye kuti Mauritius singathe kuchita zomwezi?

Kondwani: Ingathe, koma bilu igwera anthu ake omwe. Mauritius ili ndi masiteshoni a mtundu womwewo, a bagasi ndi malasha, ndipo ena Albioma ilimo ndi gawo. Boma lawo linalengeza mu 2021 kuti lisiya malasha pofika 2030. Kulengeza n'kosavuta. Alibe Paris wowalipirira kusiyana kwa mtengo, ndipo mapeleti amagulidwa ndi ndalama zakunja.

NaPhiri: Ndibwerere pa mawu oti kudziimira paokha, chifukwa lamulo la France la 2015 linanena kuti madera ake a kutsidya kwa nyanja adziimire paokha pa mphamvu pofika 2030. Tsopano taonani. Malasha achoka, kwabwera mapeleti akunja. Siteshoni ya EDF ya ku Port Est, ya mamegawati opitirira 200, inasiya mafuta akuda kumapeto kwa 2023, pano ikuwotcha mafuta opangidwa kuchokera ku mbewu ya rapeseed, nawonso obwera pa sitima. Papepala magetsi a Réunion pafupifupi onse tsopano ndi ochokera ku zinthu zobwereranso monga zomera, madzi ndi dzuwa. Koma namondwe atatseka doko kwa nthawi yaitali, kapena msika wa mapeleti utapenga monga unachitira mu 2022 nkhondo ya ku Ukraine itayamba, chilumbacho chili pomwe chinali kale. Osaiwala kuti magalimoto onse akuyendabe ndi petulo ndi dizilo, ndipo ndiwo amadya gawo lalikulu la mafuta olowa pachilumbapo.

Yamikani ku Durban: Nanga bwanji osangodzala mitengo yawo? Mvula kumeneko ndi yosasowa.

NaPhiri: Adzale pati achimwene? Chilumba chonsecho ndi masikweya kilomita pafupifupi 2,500. Pakati pake ndi mapiri okhaokha, Piton des Neiges ndi lalitali mamita opitirira 3,000, kwinaku kuli Piton de la Fournaise lomwe limaphulika kawirikawiri. Pafupifupi 40 peresenti ya chilumbacho ndi paki yotetezedwa kuyambira 2007, ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wake mu 2010. Malo athyathyathya ali m'mphepete mwa nyanja, ndipo pamenepo nyumba, misewu, nzimbe ndi ndiwo zamasamba zikulimbirana kale. Chakudya chambiri amaitanitsa kunja. Mukadzala bulugamu wa magetsi, mwachotsa chiyani?

Zomwe zilipo n'zazing'onozing'ono: nthambi zodulidwa m'matauni, mapaleti akale a matabwa, mitengo yachilendo yomwe yalowerera m'nkhalango monga Acacia mearnsii, ija yabalalikanso ku South Africa. Kudula imeneyo n'kuiwotcha ndi phindu kawiri, ine ndingawombe m'manja. Koma kuitulutsa m'zigwa zozama zija n'kodula, ndipo singadyetse maboila a mamegawati 200 ndi kanthu.

aGama: Pamenepo tikugwirizana mayi. Ndipo chondidetsa nkhawa ine si mapeleti, ndi nzimbe. Kale chilumbachi chinkadula matani pafupifupi 1.8 miliyoni pa chaka. Mu 2022 anangopeza cha m'ma 1.3 miliyoni. Kenako namondwe Belal anawomba mu Januwale 2024, Garance mu Febuluwale 2025. Feteleza wadula, odula nzimbe akusowa, achinyamata sakufuna ntchito ya chikwanje, minda ikusanduka mapuloti. Tani imodzi ya nzimbe imapereka bagasi wokwana makilogalamu pafupifupi 300, ndipo theka la kulemera kwakeko ndi madzi. Ndiye nzimbe ikatsika ndi matani 500,000, bagasi watsika ndi matani 150,000. Dzenje limenelo likwiriridwa ndi chiyani? Ndi sitima ina ya mapeleti.

Anthu amakangana za nkhalango za ku Canada, pomwe chinthu chokhacho chomwe chili chawochawo pa nkhani yonseyi chikufota m'munda.

Chisomo: Kodi mlimi amapezapo kanthu pa magetsi a bagasi wake?

aGama: Amapeza. Kumeneko mlimi amalandira ndalama yapadera pa tani iliyonse ya nzimbe chifukwa cha magetsi ochokera ku bagasi, pamwamba pa mtengo wa shuga. Zinayamba cha m'ma 2009 alimi atalimbana nazo. Ndipo nthawi iliyonse akamakambirana mgwirizano watsopano wa nzimbe, monga mu 2022 pomwe mathirakitala anadzaza misewu ya Saint-Denis, nkhani ya bagasi imatulukanso. Palinso mkangano wa mtundu wa nzimbe. A magetsi amakonda nzimbe ya ulusi wambiri, a fakitale amafuna ya shuga wambiri chifukwa ya ulusi imalemetsa zigayo. Mlimi ali pakati, akuyang'ana kuti ndani alipira bwino.

Mphatso: Bwanji osangosiya shuga n'kumalima nzimbe ya moto yokhayokha?

aGama: Ena ananenapo zimenezo, ndipo kafukufuku wa nzimbe ya ulusi wachitikapo. Koma ukapha shuga wapha fakitale, ntchito za anthu, mowa wa ramu womwe amapanga ndi molasi, ndi thandizo lomwe Europe imapereka pa shuga. Ndiye mayi Phiri abweranso kudzatiuza kuti tsopano munda wa chakudya ukulimidwa kuti uwotchedwe. Ndipo adzakhala akunena zoona.

NaPhiri: Ndidzabweradi bambo, musakayike.

Limbani: Ndakhala ndikungowerenga. Ine ndikuona kuti tikuuma mtima kwambiri ndi anthuwa. Malasha si kaboni yekha. Muli salufa, muli mekyule, phulusa lake ndi lambiri ndipo pa chilumba chaching'ono kulitaya ndi mutu wina. Phulusa la nkhuni ndi lochepa kwambiri. Anthu okhala ku Saint-André ndi Saint-Louis akupuma mpweya wosiyana ndi wa kale pa mbali ya salufa. Komanso boila yomwe yakonzedwa kuti idye mapeleti ingathe kudya zinyalala za mitengo za pachilumba pomwepo zikapezeka.  Khomo latseguka, kaya alowapo kapena ayi ndi nkhani ina.

Kondwani: Utsi wa nkhuni nawo uli ndi tifumbi tating'onoting'ono tolowa m'mapapo, achimwene.

Limbani: Pa mbaula inde. Pa siteshoni pali zosefera. Bambo Gama anganene.

aGama: Zosefera zilipo ndipo zimagwira ntchito zikamasamalidwa. Koma phulusa la zomera lili ndi khalidwe lake. Muli potaziyamu wambiri, amasungunuka msanga n'kumata pa mapaipi a boila, kutentha n'kumalephera kudutsa. Mukathira zinyalala zamasamba zosasankha bwino, muli kolorini, mapaipi amadyeka. Muli mchenga ndi miyala, malamba ndi zitsulo zimatha. Ndiye woyendetsa boila aliyense, mukamufunsa pambali, adzakuuzani kuti amakonda mapeleti akunja: ouma, ofanana, osadabwitsa. Zinyalala zakomweko ndi zabwino pa msonkhano wa atolankhani, koma usiku pa shifiti ndi zomwe zimakudzutsa. Ichi n'chifukwa china chomwe ndikukayikira kuti gawo la zakomweko lidzakula msanga, pokhapokha boma litawakakamiza ndi mtengo.

Chisomo: Nanga kwathu kuno tingatolepo chiyani? Tili ndi nzimbe ku Nchalo, Dwangwa ndi Salima.

Kondwani: Mosamala achemwali, ife si chilumba ndipo tilibe siteshoni ya malasha yoti tisinthe. Ya Kammwamba ya mamegawati 300 ija inakambidwa zaka zambiri, sinamangidwe. Chotolapo ndi mbali yoyamba ya nkhani ya bambo Gama, ya 1992. Mafakitale athu amawotcha kale bagasi kuti apeze nthunzi ndi magetsi awo. Kusiyana kwa Réunion ndi Mauritius n'kwakuti anaika maboila a mphamvu yaikulu, omwe pa bagasi yemweyo amatulutsa magetsi ochuluka kwambiri mpaka kugulitsa. Ndipo nyengo yathu yodula nzimbe ndi ya chilimwe, nthawi yomwe madzi a mu Shire amachepa. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022 tinataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yopitirira chaka, ndiye gwero lina lililonse losadalira mtsinje umodzi ndi lofunika.

NaPhiri: Bola wina asabwere ndi nzeru yoti miyezi yopanda bagasi tiziwotcha nkhuni. Mitengo yatha kale ndi makala.

aGama: Ndiye funso lomwelo la Réunion latipeza: boila idya chiyani nzimbe ikatha? Amene akubwereketsa ndalama safuna makina ogona miyezi isanu. Iwo anayankha ndi malasha mu 1992, ayankha ndi mapeleti mu 2023. Njira ina ndi kusunga bagasi m'mabelo ndi kutola masamba a nzimbe m'malo mowatentha m'munda, monga ayesera ku Mauritius ndi ku Brazil. Koma masambawo ndi omwe ali ndi potaziyamu ndi kolorini ndanena uja, ndipo nthaka nayo imawafuna.

Yamikani ku Durban: Funso limodzi kwa mayi Phiri ndisanalowe shifiti. Mukanakhala inu wolamula ku Réunion mu 2020, malasha ali pamoto, mukanatani? Osandiuza zoipa za mapeleti, ndazimva. Mukanasaina kapena ayi?

NaPhiri: Ndikanasaina, koma osati mpaka 2043. Zaka khumi, ndipo m'pepalamo mulembedwe kuti chaka chilichonse matani obwera pa sitima azitsika, ndalama yopulumukayo izipita ku sola wa pamadenga, mabatire, ndi kwa mlimi wa nzimbe. Komanso malipoti a komwe mtengo uliwonse unadulidwa aziikidwa poyera, aliyense awerenge.

Kondwani: Pa zaka khumi palibe kampani ikanamanga nkhokwe zija mayi. Ndalama zake sizikanabwerera, kapena mtengo wa yuniti ukanakwera kawiri.

NaPhiri: Ndiye akanakwera, Paris ndi yomwe ikulipira. Inuyo mwanena nokha.

Tiyamike ku Leeds: Okhoma msonkho a ku Lyon akumva zimenezi mayi kkkk. Kuno a Drax thandizo lawo analiwonjezera kuyambira 2027 mpaka 2031, koma boma linachepetsa maola omwe siteshoniyo iziyaka ndi thandizolo. Ndiye kufupikitsa n'kotheka, kungoti amachita siteshoni itabweza kale ndalama zake.

Limbani: Bambo Gama, za mabelo a bagasi zija, samawola kapena kuyaka okha akakhala miyezi?

aGama: Amayaka ndithu mukawapanikiza ali onyowa kwambiri n'kuwaunjika osasiya mipata. Shuga wotsalira uja amawira mkati, kutentha kumakwera. Muyenera kusiya tinjira ta mphepo pakati pa milu, kufunditsa pamwamba pokha, ndi kumayeza kutentha ndi chitsulo chachitali masiku onse oyambirira. Milu italikirane kuti umodzi ukagwira moto usatengere unzake, ndipo paipi ya madzi ikhale pafupi, yoyesedwa, osati yongopachika.